Maphunziro a Atolankhani pa Nkhani za Amuna kapena Akazi Okondana Okhaokha: Mkhristu Awaone Bwanji?

Akatekisti ndi atsogoleri a miphakati ya ku Nancholi, Manase ndi madera ena a m'mbali mwa msewu wa ku Chikwawa akhala akutifunsa funso limodzi mobwerezabwereza. Akuti amva kuti pali mabungwe amene amasonkhanitsa atolankhani ndi kuwaphunzitsa kalembedwe ka nkhani zokhudza amuna kapena akazi amene amakondana okhaokha, ndipo akufuna kudziwa ngati mwana wa Mpingo amene amagwira ntchito ku nyuzipepala kapena ku wailesi angapite ku maphunziro otere chikumbumtima chake chili m'malo. Ena afika ponena kuti aliyense wolowa m'chipinda cha maphunzirowo wagulitsa chikhulupiriro chake. Funsoli ndi loyenera, koma sitingaliyankhe ndi mawu amodzi, chifukwa m'kati mwake muli zinthu zitatu zimene anthu amazimanga mtolo umodzi pamene zili zosiyana: chiphunzitso cha Mpingo pa ukwati, malamulo a dziko pa milandu, ndi udindo wa munthu wogwira cholembera pa mbiri ndi moyo wa mnzake.

Zinayambira kuno ku Blantyre

Amene ali ndi zaka zoposa makumi atatu akukumbukira zimene zinachitika kumapeto kwa mwezi wa Disembala 2009. Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga anachita chinkhoswe pa malo ena ogona alendo ku Chirimba. Nyuzipepala ya The Nation inaika nkhaniyi ndi chithunzi chawo pa tsamba loyamba, ndipo pasanathe masiku apolisi anawamanga. Anawasunga ku ndende ya Chichiri osawapatsa belo kwa miyezi isanu. Tsiku lililonse la mlandu khamu la anthu linkadzaza pa bwalo la majisitireti la Blantyre, ambiri akubwerera kudzaseka ndi kudzakuwiza, ngati kuti kwabwera gule. Pa 20 Meyi 2010 majisitireti Nyakwawa Usiwa-Usiwa anawalamula kukagwira ukaidi wa kalavulagaga wa zaka 14, chimene ndi chilango chachikulu zedi chimene lamulo limalola, ndipo ananena poyera kuti akufuna chikhale choopseza ena. Pa 29 Meyi, Mlembi Wamkulu wa bungwe la United Nations, a Ban Ki-moon, ali m'dziko muno, Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira, ngakhale ananenetsa kuti sakugwirizana ndi zimene anachitazo.

Tiwonge sanathenso kukhala mwamtendere m'dziko lake. Nkhope yake inali itadziwika kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, ntchito inali itatha, ndipo patapita nthawi anathawira ku Cape Town ku South Africa. Pali chinthu china chimene atolankhani ambiri a nthawiyo anachiphonya: Tiwonge, amene anthu ankamutchula kuti Aunt Tiwo, ankadziona ndi kudzitchula kuti ndi mkazi, ndipo ankakhala choncho pakati pa anthu kwa zaka zambiri. Munthu akhoza kutsutsana ndi maganizo amenewa, monga momwe Mpingo umaphunzitsira kuti umuna ndi ukazi ndi mphatso yolandira kwa Mlengi, koma mtolankhani anayenera kuuza owerenga zimene mwiniwakeyo ankanena za iye mwini. Ambiri sanamufunse n'komwe. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Chaka chomwecho ku Uganda kunachitika zoopsa kuposa pamenepa. Mu Okotobala 2010 kanyuzipepala kena ka ku Kampala kotchedwa Rolling Stone kanasindikiza maina, zithunzi ndi malo okhala a anthu amene kanati ndi ogonana amuna okhaokha, ndipo pambali pake kanalemba mawu oti anthuwo anyongedwe. Mmodzi wa iwo, David Kato, anapita kukhoti ndi anzake ndipo mu Januwale 2011 khoti linaletsa nyuzipepalayo kupitiriza mchitidwewu. Pa 26 mwezi womwewo Kato anaphedwa ndi nyundo m'nyumba mwake. Za chifukwa chenicheni cha wakuphayo anthu amatsutsana mpaka lero, koma palibe amene angatsutse kuti ena mwa anthu otchulidwa pa tsamba lija anagendedwa, anathamangitsidwa m'nyumba za lendi ndipo anabisala.

Ndi zochitika ngati zimenezi zimene zinachititsa mabungwe monga Centre for the Development of People, lodziwika kuti CEDEP, lotsogozedwa ndi a Gift Trapence, ndi Centre for Human Rights and Rehabilitation, kapena kuti CHRR, kuyamba kuitana atolankhani, akonzi, mafumu ndi atsogoleri a zipembedzo ku misonkhano yokambirana za nkhaniyi. Atsogoleri a mabungwe awiriwa kwa kanthawi ankalembanso gawo lawolawo m'nyuzipepala. Pambuyo pake kunabwera Nyasa Rainbow Alliance, la kuno ku Blantyre, limene mu Juni 2021 linachititsa ulendo wapoyera woyamba wa anthu amenewa mumzinda wa Lilongwe, ambiri a iwo atabisa nkhope.

Kodi kumeneko amaphunzitsako zotani?

Mbali yaikulu ya zimene zimanenedwa ku maphunziro otere si yachilendo kwa mtolankhani aliyense amene anadutsa ku Malawi Institute of Journalism kapena ku Polytechnic, imene lero ndi MUBAS, kapena amene anawerengapo malamulo a kagwiridwe ka ntchito a Media Council of Malawi. Usatchule dzina la munthu kapena kuonetsa nkhope yake pa nkhani ya moyo wake wam'seri iye asanalole. Usalembe mphekesera ngati umboni. Munthu amene ukumunenayo umufunse mbali yake. Woganiziridwa mlandu usamulembe ngati wolakwa khoti lisanagamule. Mutu wa nkhani usanene zimene nkhaniyo sikunena. Wandale kapena mlaliki akanena mawu oitanira anthu ku chiwawa, usawaulutse ngati nthabwala yokometsera pulogalamu. Izi n'zimene tingafune kuti atichitire ifenso tikagwa m'nkhani.

Amaphunzitsanso za malamulo, ndipo apa ngakhale akhristu ambiri angapindule. Gawo 153 la Penal Code, malamulo a milandu amene tinalandira kwa atsamunda a ku Britain cha m'ma 1930, limapereka chilango chofika zaka 14 pa kugonana kumene limakutcha kosemphana ndi chilengedwe. Gawo 156 limapereka zaka zisanu pa zonyansa zochitika pakati pa amuna. Gawo 137A, lokhudza akazi, si la atsamunda ayi: Nyumba ya Malamulo yathu inalivomereza mu Disembala 2010 ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2011. Chofunika kuchimvetsa n'chakuti malamulo onsewa amalanga zochita, salanga munthu chifukwa cha mayendedwe ake, mawu ake, zovala zake kapena chifukwa sanakwatire. Mnyamata wa ku Ndirande amene anzake amuloza chala chifukwa amayankhula mofewa sanaphwanye gawo lililonse. Omumenyawo ndiwo aphwanya lamulo.

Pali nkhani ya mawu, imene ife olemba Chichewa iyenera kutikhudza kwambiri. Liwu limene limabwera msanga pakamwa pa anthu ndi lakuti "mathanyula". Akatswiri a mbiri amati liwuli linabwera ndi makolo athu amene ankapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela ndi Theba, kumene amuna ankakhala m'makomponi zaka popanda akazi awo, ndipo akuluakulu ena ankatenga anyamata ongofika kumene kukhala ngati akazi awo. Linakhazikikanso m'ndende, kumene wamphamvu amagula wofooka ndi nsima kapena bulangete. Ndiye kuti m'liwu limeneli muli fungo la kukakamiza, la wamkulu kudyera wamng'ono. Mtolankhani akaligwiritsa ntchito pa anthu awiri akuluakulu, owerenga amamva ngati wagwirira mwana. Ndipo akaligwiritsa ntchito pa munthu amene wagwiriradi mwana wamwamuna, mlandu woopsa wa kugwirira umabisika m'kati mwa mkangano wina. Mbali zonse ziwiri choona chimavulala. Wogwirira mwana, kaya mwanayo ndi mtsikana kaya ndi mnyamata, atchulidwe kuti wogwirira, ndipo lamulo limugwire kolimba. Ife pa tsamba lino timalemba kuti "amuna kapena akazi okondana okhaokha", ngakhale ndi mawu aatali olemetsa chiganizo, chifukwa amanena chinthucho popanda kutukwana. Zilembo za Chingerezi zija za LGBT, zimene chaka ndi chaka zimaonjezekera, kwa agogo a ku Nancholi sizitanthauza kanthu, ndipo ophunzitsawo akanachita bwino kuvutikira Chichewa m'malo mongotisenzetsa zilembo.

Mbali ina ndi ya zaumoyo. Kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2009, wochitika mothandizana ndi CEDEP, anapeza kuti mwa amuna ogonana ndi amuna anzawo amene anayezedwa m'Malawi, pafupifupi 21 mwa 100 alionse anali ndi kachilombo ka HIV, ndipo ambiri a iwo analinso ndi akazi kapena zibwenzi zachikazi. Munthu woopa kuti akafika kuchipatala mawa dzina lake limveka pa wailesi sapita kukayezetsa. Wodwala naye ndi mayi wa mumphakati mwathu amene sakudziwa kanthu.

Zimene Mpingo unanena kale

Tsono tibwere kwathu. Akatekisti akudziwa bwino nambala 2357 ya Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, amene Papa John Paul II anamukhazikitsa mu 1992. Pamenepo Mpingo umaphunzitsa mosabisa kuti kugonana kwa amuna kapena akazi okhaokha n'kosemphana ndi cholinga cha Mulungu pa mphatso ya thupi, ndipo sikungavomerezedwe. Ukwati ndi pangano la mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, lotsekukira ku moyo watsopano. Palibe msonkhano wa ku hotela umene ungasinthe zimenezi. Pamene ofesi ya chiphunzitso ku Vatican inatulutsa chikalata cha Fiducia Supplicans pa 18 Disembala 2023, Maepiskopi athu analengeza m'mawa mwake kuti m'Malawi muno madalitso a mtundu uliwonse pa maubwenzi otere ndi osaloledwa, ndipo mu Januwale 2024 Kadinala Fridolin Ambongo ananena zofananazo m'dzina la Maepiskopi a mu Africa.

Koma buku silithera pa nambala 2357. Nambala yotsatira, 2358, imene sitiimva kawirikawiri pa maphunziro a chikatekumeni, imati anthu amene ali ndi chilakolako chotere si ochepa, kuti kwa ambiri a iwo ndi mtanda, ndi kuti tiyenera kuwalandira mwaulemu, mwachifundo ndi mosamala, popewa tsankho lililonse losalungama. Nambala 2359 imawaitanira ku moyo wodzisunga ndi ku ungwiro wa chikhristu, monga momwe aliyense wa ife aitanidwira. Munthu amene akuitanidwa ku ungwiro ndiye kuti ali m'nyumba, sali kunja kwa mpanda. Kale mu 1986, kalata imene Kadinala Joseph Ratzinger, amene anadzakhala Papa Benedict XVI, analembera Maepiskopi a dziko lonse, inadandaula kuti anthu amenewa amachitiridwa nkhanza m'mawu ndi m'zochita, ndipo inati abusa a Mpingo ayenera kudzudzula nkhanzazo paliponse pamene zachitika. Kalata imeneyi ndi yolimba kwambiri pa chiphunzitso, palibe angaitche yofewa, komabe inaika mawu oipa pa mzere umodzi ndi zibakera.

Pa za ntchito yofalitsa nkhani Mpingo uli ndi chuma chochuluka kuposa chimene mabungwe angatipatse. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican unatulutsa chikalata cha Inter Mirifica pa 4 Disembala 1963, chonena kuti anthu ali ndi ufulu wodziwa zochitika, koma nkhaniyo ikhale yoona, yathunthu, ndiponso yolemekeza ulemerero wa munthu potola ndi pofalitsa pomwe. Katekisimu, pofotokoza Lamulo Lachisanu ndi Chitatu, amatchula pa nambala 2477 machimo atatu amene ndi mayesero a tsiku ndi tsiku a mtolankhani. Loyamba ndi kuweruza mopupuluma, kuvomera mumtima kuti mnzako ndi wolakwa popanda maziko okwanira. Lachiwiri ndi kuulula zolakwa za munthu kwa anthu osazidziwa popanda chifukwa chomveka. Lachitatu ndi kunamizira. Taonani kuti lachiwirilo ndi tchimo ngakhale zimene ukuululazo zili zoona. Ambiri timadziteteza ndi mawu oti "komatu si bodza", pamene Mpingo umafunsa funso lina: kodi amene wawauzawo anali ndi chifukwa chanji chodziwira, ndipo waphula chiyani poonjezera pa kuononga munthu? Ndipo nambala 2487 imati wolakwira choona ndi chilungamo ali ndi udindo wokonza zimene waononga, ngakhale atakhululukidwa kale mu Sakramenti la Kulapa. Mbiri ya munthu ndi yovuta kubweza kuposa nkhuku yakuba.

Choncho pa mfundo ya kusatchula maina, kusanyoza, kusaulutsa mawu a chiwawa ndi kufunsa mbali zonse, mtolankhani wachikatolika sakuphunzira chiphunzitso chachilendo. Akukumbutsidwa ndi anthu akunja zimene anayenera kuzimva kwa ife.

Pamene tiyenera kutsegula maso

Sitikunena kuti zonse za ku maphunzirowa n'zomeza osatafuna. Mabungwe amene amawakonza ali ndi cholinga chawo ndipo sachibisa: akufuna malamulo asinthe ndi kuti anthu asinthe maganizo. Ena mwa ophunzitsa sakhutira ndi ulemu wokha, amafuna mtolankhani avomereze kuti chiphunzitso cha mipingo ndi mizikiti pa ukwati ndi chidani basi, ndi kuti aliyense wochitchula ndi wotsalira. Pamenepo mkhristu ali ndi ufulu, ndiponso udindo, woimirira ndi kunena mwaulemu kuti sakuvomera. Mtolankhani amene wachoka kokhala wonyoza n'kukhala mneneri wa bungwe sanachire, wangosintha matenda. Nkhani yolungama pa mkangano uwu iyenera kupereka mawu a Episkopi ndi a Shehe mokhulupirika, osawapotoza, monga momwe iyenera kuperekera mawu a munthu amene wamenyedwa.

Palinso nkhani ya ndalama, imene tonse timaidziwa koma timaiyankhula chapansipansi. Malipiro a atolankhani ambiri m'dziko muno ndi ochepa, ndipo msonkhano wa kunyanja wokhala ndi alawansi umakoka munthu mosayang'ana mutu wake. Mchitidwe wa chipondamthengo, woti mwini nkhani apereke kenakake kuti nkhani ituluke, waononga ntchitoyi kwa zaka zambiri, ndipo si mabungwe a za ufulu okha amene amapereka. Andale amapereka, amalonda amapereka, ndipo tisadzinamize, nthawi zina a mipingo timaperekanso. Amene wasintha kalembedwe chifukwa cha envulopu adzasinthanso envulopu ina ikadzabwera. Ndalama zambiri za maphunzirowa zimachokera kunja, n'zoona, ndipo n'chifukwa chake anthu amati nkhani yonseyi ndi ya azungu. Komatu anthu amene amamenyedwawo si azungu. Lipoti la bungwe la Human Rights Watch la mu Okotobala 2018 linasonkhanitsa maumboni a Amalawi amene anamenyedwa, kuthamangitsidwa m'nyumba kapena kubwezedwa kuchipatala ndi kupolisi. Ndi ana obadwira ku Gulupu, ena a iwo obatizidwa m'matchalitchi athu omwewa. Ndipo kafukufuku wa Afrobarometer wa mu 2014 ndi 2015 anapeza kuti Amalawi 6 okha mwa 100 alionse ndiwo ananena kuti angalole kuyandikana nyumba ndi munthu wotere. Pamene anthu 94 aima mbali imodzi, amene ali pa ngozi ya cholembera chosasamala si 94 aja.

Chitsanzo cha mlandu wa 2023

Kuti tione kufunika kwa kulemba molondola, titenge mlandu umene unagwedeza dziko posachedwapa. Jan Willem Akster, nzika ya ku Netherlands, ndi Jana Gonani wa ku Mangochi, anapempha Khoti Lalikulu, litakhala ngati khoti la za Malamulo Oyendetsera Dziko kuno ku Blantyre, kuti ligamule ngati magawo a Penal Code aja akugwirizana ndi Konsitityushoni. Pa 13 Julaye 2023 mipingo ndi Asilamu anayenda m'misewu ya mizinda ya dziko lino, ndipo kuno ku Blantyre Ambuye Arkiepiskopi Thomas Luke Msusa anali patsogolo, poteteza ukwati ndi banja. Pa 28 Juni 2024 oweruza atatu, a Joseph Chigona, a Chimbizgani Kacheche ndi a Vikochi Chima, anakana pempholo, nanena kuti amene sakukhutira ndi malamulowo apite ku Nyumba ya Malamulo.

M'miyezi yonseyo, m'maminibasi ndi m'mauthenga a pa foni, ngakhale m'mitu ina ya nkhani, zinkamveka kuti khoti likufuna kuloleza maukwati a amuna okhaokha. Funso limene linali pamaso pa oweruza silinali limenelo. Linali lakuti kodi munthu azimangidwa chifukwa cha zochita zimenezi kapena ayi. Za ukwati zili m'lamulo lina, la Maukwati ndi Mabanja la 2015, limene limanena kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi. Anzathu a ku Mozambique anachotsa chilango chotere m'malamulo awo mu 2015 ndipo maukwati a amuna kapena akazi okhaokha sanawaloleze. Ambiri amene anayenda pa tsiku lija anali ndi nkhawa yomveka, yakuti khomo limodzi likatseguka linzake limatsatira, monga zinachitikira ku South Africa kumene maukwatiwa analoledwa mu 2006. Nkhawayo munthu akhoza kuifotokoza ndi kuiteteza. Koma aifotokoze ngati nkhawa ya za mawa, osati ngati zimene zalembedwa pa pepala la mlandu.

Pa funso la ndende lenilenilo, tiyenera kunena zoona kuti m'Mpingo momwe mwamveka mawu olemera mosiyana. M'kalata yawo ya mu Malichi 2016 Maepiskopi athu anadzudzula boma chifukwa choimitsa kaye kugwiritsa ntchito malamulowa, zimene nduna ya za chilungamo, a Samuel Tembenu, inalengeza mu Disembala 2015, ndipo anaona kuti boma likugonjera opereka thandizo. M'kalata yomweyo anadzudzula mwamphamvu onse olimbikitsa chiwawa pa anthu amenewa. Inali nyengo imene wandale wina anali atanena poyera kuti anthuwa aphedwe. Kumbali ina, nthumwi za Vatican ku United Nations zinanena mu Disembala 2008 kuti maiko achotse zilango za milandu pa anthu otere. Papa Francis mu Januwale 2023 anauza atolankhani a Associated Press kuti kukhala ndi chilakolako chotere si mlandu, ndipo anabwereza mu Febuluwale akuchokera ku South Sudan. Chikalata cha Dignitas Infinita cha mu Epulo 2024 chinati n'zosemphana ndi ulemerero wa munthu kuti m'maiko ena anthu amamangidwa, kuzunzidwa ngakhale kuphedwa chifukwa cha ichi chokha. Si ntchito ya tsamba lino kuweruza pakati pa abusa athu. Chimene katekisti ayenera kugwira n'chakuti tchimo ndi mlandu wa boma si chinthu chimodzi. Chigololo ndi tchimo lalikulu, kusapita ku Misa tsiku la Mulungu mwadala ndi tchimo, koma sitiitana apolisi. Funso loti ndi machimo ati amene boma liyenera kulanga ndi la nzeru za kayendetsedwe ka dziko, ndipo akhristu okhulupirika akhoza kulikambirana popanda kutchulana kuti ampatuko.

Ife Akatolika a m'Malawi tili ndi chifukwa chathuchathu chosamalira mawu oulutsidwa. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya Maepiskopi ya nyengo ya Lenti inawerengedwa m'matchalitchi onse. Boma linaitcha youkira, wailesi imodzi yokha imene inalipo inasanduka chida chonyozera Maepiskopi, akuluakulu ena a chipani anakambirana zoti aphedwe, ndipo nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka inatenthedwa. Tikudziwa kuwawa kwake pamene wailesi yakutchula kuti ndiwe mdani wa mtundu ndipo ulibe poyankhira.

Kwa ife a m'miphakati

Masiku ano mtolankhani si yekhayo amene ali ndi chiphaso. Aliyense amene ali ndi foni ya WhatsApp kapena tsamba la Facebook ndi mkonzi, wosindikiza ndi wogulitsa nyuzipepala nthawi imodzi, ndipo alibe wamkulu womubweza. Ku Nancholi, monga ku Bangwe, Zingwangwa, Chilomoni kapena Machinjiri, nyumba n'zothithikana, madzi timatunga pa mpope umodzi, ndipo chithunzi chimene chatumizidwa m'gulu la kwaya m'mawa chimakhala chitafika kwa eni nyumba ya lendi dzuwa lisanalowe. Chotsatira chake timachidziwa: katundu panja, ntchito yatha, mwina gulu la anyamata ndi miyala. Nthawi zambiri palibe ndi umboni womwe, koma mkangano wa ngongole kapena nsanje ya malonda. Papa Leo XIV, polankhula ndi atolankhani pa 12 Meyi 2025, patangopita masiku anayi chisankhidwireni, anawapempha kuti alande zida mawu awo, achotsemo chidani ndi tsankho. Pempholo likufika ndi kwa mlembi wa mphakati amene amayendetsa gulu la pa foni.

Tsono kwa ofunsa aja tikuti: mtolankhani wachikatolika akhoza kupita ku maphunziro otere, monga amapitira ku maphunziro a za chisankho okonzedwa ndi anthu amene sagwirizana nawo pa zonse. Apite atawerenga manambala a Katekisimu tatchulawa, atenge zothandiza kulemba zoona, akane poyera zimene zikutsutsana ndi chikhulupiriro chake, ndipo asalonjeze nkhani posinthana ndi alawansi. Tikanakondanso kuti nyumba zathu zofalitsa nkhani, Radio Maria, Luntha TV, Montfort Media ndi mawailesi a madayosizi, pamodzi ndi bungwe la atolankhani achikatolika, zikonze maphunziro akeake pa nkhaniyi, ochokera m'chiphunzitso chathu chonse osati theka lake, m'malo mosiyira ena bwalo kenaka n'kumadandaula.

Akatekisti tikuwapempha zinthu zochepa zogwirika. Pophunzitsa Lamulo Lachisanu ndi Chimodzi, werengani manambala 2357, 2358 ndi 2359 onse pamodzi, ndipo pewani mawu otukwana ndi nthabwala zoseketsa kalasi, pokumbukira kuti pa benchipo pakhoza kukhala mwana amene akulimbana ndi zimenezi mumtima mwake ndipo akumvetsera kuti adziwe ngati Mpingo uli ndi malo ake. M'magulu a pa foni a mphakati, a kwaya kapena a achinyamata, wina akatumiza dzina kapena chithunzi cha munthu ndi chinenezo chotere, woyang'anira gulu achichotse msanga ndipo alankhule ndi wotumizayo pambali. Kholo likabwera likulira kuti lamva zotere za mwana wake, musaitanitse msonkhano wa mphakati ndipo musalilangize kuthamangitsa mwanayo. Liperekezeni kwa Bambo Mfumu, ndipo zimene mwamvazo zithere m'makutu mwanu. Mukamva kuti anthu akusonkhana kuti akamenye wina, dziwitsani apolisi ndi amfumu a dera nthawi yomweyo, kenaka muimbire ku parishi. Ndipo mtolankhani akabwera kudzafuna maganizo a Mpingo pa nkhaniyi, musayankhe m'dzina la Mpingo. Mupatseni nambala ya ofesi yofalitsa nkhani ya Arkidayosizi.